Chiboliboli cha mayi wothyola tiyi: momwe ntchito ikuyendera

Komiti yomanga ikulemba pano zonse zochitika pa ntchito ya chiboliboli, kuti amene anasonkha ndalama aone pamene zafika, komanso kuti mudzi wina wofuna kumanga chonga ichi udziwiretu pomwe pali minga. Mudziwu uli kumwera kwa phiri la Mulanje, mbali ya mvula yambiri, kumene minda ya tiyi imafika mpaka m'tsinde mwa phiri. Chibolibolicho ndi cha simenti womata pa zitsulo ndi waya: mayi wamtali mamita 1.8, dengu kumsana, ataima pa nsanja ya miyala yotalika masentimita 70.

Juni, sabata yachiwiri: malo ndi msonkhano woyamba

Malo atatu ayesedwa. Pamphambano pakanidwa chifukwa ndi m'malire a msewu, ndipo thirakitala yonyamula masamba imakhotera pomwepo. Pafupi ndi shedi yoyezera masamba pakanidwanso: dothi lake ndi lothira, moti chitsulo chinalowa pafupifupi mita yonse pongochikankha ndi manja. Pasankhidwa m'mphepete mwa bwalo la mfumu, pa katondo wolimba, mamita 6 kuchokera pa mtengo wa mango kuti mizu isadzatukule maziko. Akuluakulu asonyeza pomwe madzi anadutsa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo malowa ali pamwamba pa njira imeneyo. Apemphanso kuti nkhope isayang'ane kumanda. Iyang'ana kuphiri.

Pamsonkhano umene a mfumu anaitanitsa, funso loyamba linali la ndalama: bwanji osakonzera mjigo? Yankho ndi loti zosonkha za a kalabu ya alimi a tiyi ndi za ana a m'mudzi okhala kutauni zinaperekedwera ntchito iyi, ndipo malisiti onse azikhomedwa pa bolodi la kushedi. Ena a mipingo anatchula Eksodo 20:4, nati ili ndi fano. Abusa ena anawayankha kuti fano ndi lopembedzedwa, pomwe chiboliboli ndi chikumbutso chabe. Sanagwirizane onse.

Mawu olemera anachokera kwa madoda ndi agogo. Tiyi wakhala akulimidwa ku Mulanje kuyambira 1891. Makolo a ambiri kuno, makamaka Alhomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, anakhala pa malo a azungu nkumalipira lendi ndi thukuta lawo, thangata, yemwe anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Mpaka lero dothi labwino lambiri lili m'maesiteti pomwe mabanja akupanikizana pa timinda tating'ono. Iwo anafunsa ngati mayi wowerama ndi dengu si thangata yemweyo woimikidwa pabwalo. Funso limeneli ndi loona, ndipo komiti sikulipeputsa. Amayi a kalabu anayankha kuti tiyi amene iwo amathyola ndi wa m'minda yawo, ndipo ndi amene waphunzitsa ana ambiri a mudzi uno. Mgwirizano ndi uwu: mutu wa mayiyo ukhale wodzuka, osati wozolika ngati wa munthu amene kapitawo wamuimirira kumbuyo, ndipo mawu olembedwa pa nsanja atchule alimi a m'mudzi, osati esiteti iliyonse.

Ku Blantyre mu 2018 ntchito ya chiboliboli cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner inaimitsidwa ndi khothi nsanja itayamba kale kumangidwa, anthu atakana. Nchifukwa chake kuno palibe khasu limene lakhudza pansi msonkhanowu usanathe. Kalata yapita ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi ku khonsolo.

Juni, sabata yachinayi: kachitsanzo ka dongo

Wosema waumba kachitsanzo ka dongo ka masentimita 30, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa dongo ndi masentimita 6 pa chenicheni. Kaikidwa kushedi masiku atatu oyezera masamba. Amayi othyola akakana m'malo anayi, ndipo monse anali ndi mfundo.

Kachitsanzo kanali ndi dzanja limodzi pa tiyi, lina m'chiuno. Wothyola weniweni amagwiritsa manja onse awiri nthawi imodzi, chala chachikulu ndi chamkombaphala zikudula masamba awiri ndi nsonga. Dengu linali m'munsi kwambiri, pamatako. Liyenera kukwera kuti pakamwa pake pafike m'mapewa, poti masamba amaponyedwa chodutsa phewa munthu osatembenuka. Panalibe pulasitiki kapena saka lomanga m'chiuno, limene limateteza chitenje ku mame ndi ku timitengo ta tiyi. Ndipo tiyi anali wamfupi ngati chitsamba cha m'munda wa ndiwo, pomwe tiyi wothyoledwa amakhala wolingana pamwamba ngati tebulo, kufika m'chiuno.

Kukonza zonsezi pa dongo kwatenga madzulo amodzi. Pa simenti kukanafuna nyundo.

Kukweza tiyi mpaka m'chiuno kwathandizanso omanga, chifukwa tsopano manja atsamira pa chitsamba m'malo molendewera m'malere.

Julayi, sabata yoyamba ndi yachiwiri: mchenga ndi maziko

Ngolo yoyamba ya mchenga yabwezedwa. Kuyesa kwake nkosavuta: thirani mchenga m'botolo loonekera mkati mpaka mamilimita 100, onjezani madzi a mchere pang'ono, khutchumulani, dikirani maola atatu. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere. Likaposa mamilimita 6, mchengawo si wabwino. Uwu unali ndi mamilimita 14, chifukwa anaukumba m'mphepete mwa mtsinje pomwe matope a madzi osefukira anatsamira. Mchenga wotere umamwa madzi ambiri, ndipo pouma umakhwinyata nkung'amba. Ngolo yachiwiri, ya pakati pa mtsinje, inali ndi mamilimita 4.

Dzenje ndi mamita 1.2 mbali zonse, kuya masentimita 70. Pansi patsindiridwa miyala ya masentimita 10, kenako konkire wa masentimita 60. Kasakanizidwe ndi 1:2:4, kutanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Poyeza ndi ndowa ya malita 20, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 likufuna ndowa zitatu ndi theka za mchenga, ndowa 7 za miyala ya kwale, ndi madzi ndowa imodzi ndi kotala. Apita matumba 6. Kuyeza ndi fosholo kwaletsedwa, poti fosholo ya m'mawa ndi ya munthu wotopa sizilingana.

M'konkire mwalowa ukonde wa zitsulo za Y12 (zokhuthala mamilimita 12) zotalikirana masentimita 20, wokwezedwa pa timiyala kuti usagunde dothi. Zitsulo zina za Y12 zokwana 6 zapindidwa ngati mbedza kunsi, nkutuluka mamita 1.5 pamwamba: zinayi za miyendo, ziwiri za chitsamba.

Kukumba ndi kuthira konse kwachitika masana, a mfumu ndi nduna zawo ali pomwepo, ndipo aliyense wofuna kusuzumira m'dzenje analoledwa. Anthu a kuno sanaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2017, zomwe zinayambira mbali zino za Mulanje ndi Phalombe nkutayitsa miyoyo ya anthu osalakwa. Dzenje lokumbidwa usiku kapena lobisidwa ndi mpanda lingabale nkhani yoti mwakwiriridwa kanthu, ndipo nkhani yotero siimvanso kutsutsa.

Chiperoni wagwa masiku anayi otsatizana. Kwa konkire ndi mdalitso, sanafune kuthirira kwambiri.

Julayi, kumapeto: nsanja

Nsanja ndi mita imodzi mbali zonse. Kunja kwamangidwa miyala yotoledwa m'minda ndi matope a 1:4 (simenti kwa mchenga), pakati pathiridwa konkire mozungulira zitsulo. Apita matumba 4. Pamwamba papendekeka pang'ono, sentimita imodzi kuchokera pakati kupita m'mbali, kuti madzi asadikhe pamapazi.

Ogasiti, sabata yoyamba mpaka yachitatu: mafupa

Msana ndi miyendo ndi za Y12, mapewa ndi manja za Y10 (mamilimita 10), nthiti ndi mphete za dengu za R6 (zosalala, mamilimita 6) zotalikirana masentimita 15. Wowotcherera wabwera ndi jenereta masiku awiri, nawotcherera m'chiuno, m'mapewa ndi m'khosi mokha. Kwina konse ndi waya womangira. Tsiku lachiwiri ntchito inaima m'mawa wonse chifukwa cha mawawa. Kuwotcherera zitsulo zonyowa nkuika moyo pachiswe.

Lamulo la mafupa ndi loti chitsulo chilichonse chikhale masentimita awiri ndi theka mkati mwa pomwe khungu lidzathere. Kuno chinyezi sichichoka, ndipo chitsulo chimene chili pafupi ndi kunja chimachita dzimbiri, nkutupa, nkuphulitsa simenti. Vuto lili pa zala, zomwe ndi zowonda. Zapangidwa ndi waya wokhuthala wosachita dzimbiri, ndipo zakulitsidwa pang'ono kuposa za munthu. Kuchokera pansi sizioneka zachilendo.

Pamafupa pakulungidwa waya wa nkhuku wa maso aang'ono, a mamilimita 13, wokulungidwa katatu, maso ake osayang'anizana, womangidwa pa masentimita 10 aliwonse. Kuyesa kwake ndi kukanikiza ndi chikhatho. Pomwe akulowa ngati siponji, matope sadzagwira.

Mafupa atangoima, ana anayamba kuchitcha chigoba, ndipo amayi ena opita kumjigo m'bandakucha anasintha njira. Kachitsanzo ka dongo kaikidwa pambali pake kuti anthu aone komwe zikupita, ndipo ntchito yomata yafulumizidwa.

Seputembala, sabata yoyamba: kumata koyamba

Matope ndi 1:2, mchenga wosefedwa ndi sefa ya mamilimita awiri, madzi ndowa imodzi pa thumba. Ayenera kukhala olimba ngati nsima ya m'mawa: ukaumba mpira m'manja usaphwasuke, komanso usadonthe madzi. Sakanizani ochepa amene angathe m'theka la ola. Akayamba kuuma m'wilibala, atayeni. Kuwonjezera madzi kumawafewetsa lero nkuwafooketsa mpaka kalekale.

Miyendo mpaka m'maondo yadzazidwa yonse kuti kulemera kukhale pansi. Kuchokera pamenepo thupi ndi lagweregwere mkati. Matope amakankhidwa ndi dzanja lovala magolovesi kuti alowe m'maso a waya, wina akutchinga mkati ndi kathabwa. Kuyambira pansi kukwera.

Kunsi kwa mikono ndi kunsi kwa dengu matope anagwa kawiri. Anali onyowa kwambiri, ndipo anamatidwa okhuthala nthawi imodzi. Chimene chagwira ndi kuyamba kupaka phala la simenti yekha ndi burashi, kudikira mphindi khumi, kenako kumata sentimita imodzi yokha. Khungu loyambali lakandidwa ndi msomali lisanaume kuti lachiwiri lidzapeze pogwira.

Mabowo awiri a mpweya asiyidwa, lina kunsi kwa chitenje, lina kuseri kwa dengu, kuti chinyezi chisamadikhe mkati. Onse atsekedwa ndi kaneti kachitsulo, apo ayi njuchi zikanalowa.

Seputembala, sabata yachiwiri: nkhani ya ziguduli

Simenti sauma ndi dzuwa, amalimba ndi madzi. Chibolibolicho chinafunditsidwa ziguduli zonyowa, pamwamba pake pepala lapulasitiki lakuda lomangidwa ndi zingwe m'khosi, m'chiuno ndi m'miyendo. Mwaukadaulo zinali bwino. Koma m'chisisira chinkaoneka ngati mtembo woimikidwa, ndipo pofika tsiku lachitatu dandaulo linafika kwa a mfumu. Odandaulawo sanalakwe, komiti ndi imene sinaganize za maso a munthu wodutsa usiku.

Pulasitiki wachotsedwa. Zatsala ziguduli zokha, zomangidwa motayirira, ndipo kuthirira kwakwera kuchoka kawiri kufika kanayi patsiku: m'mawa, chakumasana, masana ndi madzulo, ndowa ziwiri ulendo uliwonse. M'mawa uliwonse ziguduli zimavundukulidwa anthu akuona. Ana a sukulu a Sitandade 7 apatsidwa kuthirira kwa madzulo, ndipo ndi iwo amene akufotokozera makolo chifukwa chake mwala umamwa madzi. Kuthirira kupitirira masiku 14.

Seputembala, kumapeto: mng'alu paphewa

Paoneka mng'alu paphewa lamanja, kuchokera pa lamba wa dengu kutsikira kunkhwapa, wautali masentimita 18. Khadi lopyapyala limalowa. Ming'alu ya pamwamba yonga ukonde wa kangaude si yoopsa, koma uwu ndi wowongoka ndipo uli pomwe pali katundu, choncho wagobedwa kuti gwero lioneke.

Zifukwa zapezeka ziwiri. Pamenepa ndi pomwe ntchito ya tsiku lina inathera nkuyambiranso mawa lake, ndipo matope atsopano anamatidwa pa akale ouma osawanyowetsa. Chachiwiri, waya wa dengu ndi wa phewa anangogundana, osapitirirana. Dengu likamakoka chammbuyo, panalibe chogwira.

Kakonzedwe: simenti wagobedwa masentimita 10 mbali zonse za mng'alu mpaka waya kuonekera, palowetsedwa zitsulo ziwiri za R6 zodutsa mng'aluwo, ndi waya watsopano wopitirira masentimita 10, pamalopo panyowetsedwa usiku wonse, papakidwa phala la simenti, kenako matope. Kunsi kwa dengu kwawonjezedwa chitsulo cha Y10 chotsikira m'chiuno, chobisika m'mapindo a chitenje. Wina womanga chonga ichi asamalizire ntchito ya tsiku paphewa, m'khosi kapena pachigongono. Amalizire pakati pa msana kapena pa chitenje, pomwe palibe chokoka.

Okutobala: khungu lomaliza, nkhope ndi mtundu

Kutentha kwafika, ndipo kumata kukuchitika kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko m'mawa basi, pansi pa chisakasa cha udzu. Tsiku limodzi lokha limene ntchito inapitirira mpaka masana, kumsana kunatuluka timing'alu tambiri, chifukwa mphepo yotentha inayamwa madzi simenti asanagwire. Tatsekedwa ndi phala.

Khungu lomaliza ndi mamilimita 6, ndipo khungu lonse tsopano ndi pafupifupi masentimita atatu. Thupi lonse ladya matumba 4, kuphatikiza zotayika. Milukidwe ya nsungwi pa dengu yadindidwa ndi chidutswa cha dengu lenileni matope ali ofewa. Masamba a tiyi aumbidwa limodzilimodzi ndi mpeni wa patebulo.

Nkhope yaumbidwa kawiri. Yoyamba anthu anati ikufanana ndi mayi wina wa m'mudzi momwemo, ndipo abale ake anabwera kudzapempha kuti isinthidwe. Mantha awo ndi oti akadzadwala kapena kumwalira, anthu adzati chiboliboli chinamutenga. Komanso mabanja ena adzafunsa chifukwa chake anasankhidwa iyeyo. Pempholi lamveka tsiku lomwelo. Yachiwiri yatambasulidwa masaya, mphuno yasinthidwa, duku latsitsidwa pamphumi. Yaonetsedwa kwa magulu atatu osiyana, palibe amene watchula dzina.

Za mtundu panali kukangana. Achinyamata ankafuna penti wowala, chitenje cha maluwa ndi masamba obiriwira. Komiti yakana pa zifukwa za ntchito. Penti wa mafuta sagwira pa simenti watsopano, amafufuma nkusendeka, ndipo ndi mvula ya kuno angafune kupakanso pafupipafupi, pomwe thumba la zokonzera kulibe. M'malo mwake ufa wopatsa simenti mtundu, wotchedwa oxide, wasakanizidwa m'khungu lomaliza: makilogalamu awiri ndi theka pa thumba la simenti, wofiira wosakaniza ndi wakuda pang'ono pa thupi, wobiriwira pa tiyi. Kupyola makilogalamu 5 pa thumba kumafooketsa matope. Ufawu umasakanizidwa ndi simenti wouma kaye mpaka mtundu ufanane, madzi pambuyo. Timatabwa toyesera tiume sabata yathunthu musanasankhe, chifukwa mtundu wonyowa umanamiza, ukauma umatuwa.

Patatha milungu iwiri patuluka zoyera ngati mchere pa chitenje. Ena anati chikutuluka thukuta. Ndi laimu wa mu simenti amene madzi amamukokera kunja. Wachotsedwa ndi burashi youma. Kutsuka ndi madzi ambiri kumangomubweretsanso.

Novembala: mvula yoyamba

Ziguduli zachotsedwa pamaso pa mudzi wonse, a gulupu alipo, ndipo kunavinidwa tchopa. Masiku angapo pambuyo pake kunagwa mvula yamphamvu, ndipo yaulula zinthu ziwiri.

Dengu linadzaza madzi. Linali ndi kapaipi kamodzi ka mamilimita 20 kotulutsira madzi, koma masamba a mango anakatseka. Dengu limeneli limalowa malita oposa 50, ndiye kuti makilogalamu 50 okoka paphewa lomwe lija, komanso malo oswanirana udzudzu. Labooledwa bowo lachiwiri, ndipo pakamwa pa dengu patsekedwa ndi waya ndi matope oumbidwa ngati masamba odzaza, otumphuka pakati kuti madzi azitsetsereka. Amayi othyola ati tsopano nchabwino koposa, poti dengu lopanda kanthu linkaonetsa ngati mayiyo wangofika kumene kumunda.

Chachiwiri, madontho akudumphira katondo pa nsanja nkuifiiritsa. Pozungulira pathiridwa miyala ing'onoing'ono mita imodzi, ndi kangalande kolowetsa madzi kumunsi.

Anthu ayamba kuchizolowera. Akabaza akuti "pa Mayi" potchula potsikira, ndipo Loweruka achinyamata amajambulitsa pamenepo. Ana amakwera nkulendewera pa mikono. M'malo mwa mpanda wa waya, umene ungachititse malowa kuoneka oletsedwa, pabzalidwa mbande za tiyi weniweni mozungulira, ndipo a kalabu azisamalira. Zitenga zaka zingapo kuti zitchinge, ndiye pakadali pano nduna ya mfumu ndi aphunzitsi akulankhula ndi ana.

M'mawa wina pansi pa nsanja panapezeka ufa pang'ono ndi ndalama zachitsulo. Amene anaika sakudziwika. A mipingo amene anakana poyamba anabwera nati izi ndi zomwe ankanena, ndipo nkhawa yawo inali ndi pogwira. A mfumu aitanitsa bwalo nalamula kuti pamenepa si pa kachisi ndipo pasathiridwe nsembe. Akuluakulu osunga miyambo anavomereza, nati malo a nsembe amadziwika ndipo simenti wa chaka chino sangalowe m'malo mwake. Kuyambira pamenepo sizinachitikenso. Mpingo umodzi sunabwere pa tsiku lovundukula, ndipo madoda awiri mwa amene anatchula za thangata akuti maganizo awo sanasinthe, ngakhale mmodzi wavomera kukhala nawo pa gulu lokonza mawu a pa nsanja.

Zotsala

Mawu a pa nsanja sanamalizidwe. Gulu lagwirizana kuti alembedwe m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, koma likadakambirana ngati thangata atchulidwe. Komiti ikuona kuti atchulidwe, poti ndi mbiri ya dengu limeneli. Malo a mwala wolembapo, masentimita 40 kwa 30, asiyidwa kutsogolo kwa nsanja.

Ndere zidzayamba kumera mbali ya kumwera ndi kunsi kwa dengu, makamaka nthawi ya chiperoni. Zizitsukidwa kawiri pachaka ndi burashi ya pulasitiki ndi madzi a sopo, osati burashi yachitsulo, imene imakanda khungu nkusiya tizitsulo tochita dzimbiri. Mankhwala otchinga madzi adzapakidwa mvula ikatha, simenti atauma bwino milungu iwiri. Kupaka pano nkutsekera chinyezi mkati.

Pomwe panali mng'alu pamatidwa kachidutswa ka galasi kopingasa, kogwidwa ndi simenti mbali zonse ziwiri. Phewa likasuntha ngakhale pang'ono, galasi lidzasweka. Liziyang'anidwa Lolemba lililonse mpaka mwezi wa Epulo, pamodzi ndi mabowo a dengu ndi kangalande. Pofika Lolemba lapitali linali lathunthu.